Chisakasa cha pa Chulu

"Bweretsa foniyo," anatero a Jorge, bambo ake aang'ono a Belinda.

Belinda anaibisa m'chitenje. Atate ake, a Baptista, anaikidwa dzana. Mwambo wa kumeta unali usanachitike, ndipo mpaka tsikulo anamfedwa sachoka pakhomo.

"Prova ikuyamba masana ano, bambo. Ndikapanda kulemba mayesowa, ndibwereza chaka."

Chitsekereni sukulu ya udokotala ku Beira chifukwa cha korona, Belinda ankaphunzirira pafoni kwawo ku Tsangano. Rede, netiweki ya foni, inkagwira malo amodzi okha: pachulu, kumtunda kwa munda wa mbatatesi. Mvula ikabwera, phunziro lathera pomwepo.

"Udokotala wanji wa pagalasi?" a Jorge anaseka mowawa. "Achimwene akubanika apa, iwe unachitapo chiyani, dotora?"

Belinda anagwiritsitsa foni m'chitenje muja. Mapapo odwala anawamvapo m'foni mokha, mawu akudukaduka. Chifuwa choyamba kuikapo khutu chinali cha atate ake. Anamva kuti zavuta. Chochita analibe.

"Anthu atiseka," anapitiriza a Jorge. "Manda akadali aawisi, mwana ali pachulu ndi foni."

Mayi ake, a Albertina, anadzuka pamphasa. Chiikireni maliro anali asanayankhule.

"Alamu, ngati n'kuseka, atiseke awiri. Tiye, Belinda."

"Inunso? Mkazi wamasiye?"

"Inenso."

Anakwera m'chifunga, matope akukakamira kumapazi. Belinda sanafikeko kuchokera pamene atate ake anagona. Ataona chulu, anaima.

Panali chisakasa. Mitengo yatsopano, thabwa lokhalapo, kamsomali kopachikapo foni. Denga linali lofoleredwa mbali imodzi. Mitolo ya udzu inali pansi, yonyowa, chikwanje chili pambali.

"Anamanga ndi atate ako. Ankati akukapopera mbatatesi," anatero a Albertina. "Nkhuku zikangotsika, iwo ulendo, chifuwa chili chomwecho. Ndinawakalipira. Akuti mwana asamalembe akunyowa."

Foni inanjenjemera. Rede yagwira. Dzina la mphunzitsi linaoneka pagalasi, kenako funso loyamba. Linali la mapapo.

Belinda anakhala pathabwa. Anangoliyang'ana funsolo.

Mvula inayamba kuwaza, kulowera mbali yosafolera. A Albertina anamanga chitenje chakuda m'chiuno. Anatola mtolo wa udzu, nakwera pachulu. Luzi analipeza pomwe amuna awo analisiya, mfundo ili yosamaliza.

"Lemba, iwe," anatero, osayang'ana pansi.

Anakoka luzilo ndi mano.