Mahedifoni Otseka Makutu

Chaka chimenecho njala inachotsa anthu manyazi. Ku midzi ya kuseri kwa Nselema anthu ankaphika chitedze, chija choyabwa chija, kuchiwiritsa n'kumataya madzi tsiku lonse kuti poizoni wake achoke, ndipo pena sankachoka. Amene anali ndi kamunda kumunsi kwa dambo, komwe chimanga chinayesako kubereka, anamangamo nsanja n'kusamukira momwemo ndi chikwanje chake.

Ufa utatheratu m'nyumba, Esime anakwera minibasi kupita ku Balaka kwa mlongo wake wamng'ono, Bashir. Iyeyu anachoka kumudzi ali kamwana, ndipo tsopano anali bambo wa ndevu zake, woyang'anira chipinda cha magemu a pakompyuta. M'chipindamo ana a aphunzitsi ndi a eni mashopu ankawomberana mfuti pa sikirini kuyambira m'mawa, mimba zili zokhuta. Njala nayo imasankha makomo.

Bashir sanali mwana wouma mtima, zimenezo tisamunamizire. Ufa anaupeza, ndipo anati aperekeza mlongo wake kuti akawaone amayi. Koma panali kantchito kamodzi kaye. Abwana ake, Mayi Ophelia, anamutuma kukasankha mahedifoni a mpikisano wa magemu umene unkabwera kumapeto kwa mwezi.

Mu shopu ya mahedifoni wogulitsa, dzina lake Samson, anayala mitundu iwiri pa kauntala. Ena anali ndi timabowo kunja kwake ngati sefa. Ena anali otsekeka, okhuthala, opanda waya, okhala ndi kabatani pambali.

“Awa a timabowowa mawu ake ndi otakasuka, bigi,” anatero Samson. “Koma phokoso la panja limalowa. Otsekawa mukadina apa, basi, dziko lonse lazima.”

Bashir anavala awa, navula, navala awo, maso ali tsinzinire ngati munthu wolawa mchere m'ndiwo. Esime anaima pakhomo ndi thumba la ufa pamapazi, mtima ukumuwawa. Anthu akudya chitedze, wina ali kalikiliki kusankha zofunda za makutu!

“Achimwene, dzuwa likupita,” anatero.

“Pang'ono, achemwali. Izi sasankha ndi maso. Mu gemu mdani sumuona, umamumva. Akamakuzembera, uyenera kudziwa kuti phazi lagunda kumanzere kapena kumanja, pa thabwa kapena pa mchenga. Besi, mawu okhuthala ogunda aja, ikachuluka imameza mapazi. Ndiye kwathu kuja magetsi akazima timaliza jenereta, a timabowowa sungamve kanthu. Tabwerani muyese.”

Esime anakana, koma Bashir anamuveka basi, pamwamba pa mpango, n'kudina kabatani kaja.

Balaka yense anafa nthawi yomweyo. Njinga zamoto zinkadutsa panja popanda kulira. Samson ankaseka, mano onse pamtunda, koma kuseka kwakeko kunalibe mawu. Esime anangomva mtima wake wokha ukugunda mkati mwa mutu. Anazikwatula zinthuzo n'kuziponya pa kauntala.

“Astaghfirullah! Izi ndi za kumanda izi.”

Anyamata awiriwo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bashir anasankha otsekawo.

M'minibasi munali phokoso la masiku onse: injini yokalamba, mwana wolira, kondakitala wokangana ndi aliyense. Asanafike n'komwe pa mlatho wa Liwonde, Bashir anali atalumikiza kale mahedifoniwo ku foni yake, akuti awazolowere. Anakoka chipewa cha juzi lake n'kuphimba mutu chifukwa cha mphepo ya pawindo. Esime, amene anakhala pambali pake atakumbatira ufa, anayamba kumulangiza maso ali kutsogolo.

Anamuuza kuti kumudzi zinthu zinasintha. Anthu a minda ya kudambo anapangana kuti aliyense wodutsa njira yapakati pa minda azifuula dzina lake ndi kumene akupita. Alonda a pa nsanja akafunsa kuti ndani, uyankhe msanga. Ukakhala chete amaliza wezulo, ndipo wezulo akalira palibenso mlandu wokamba. Mwezi wathawo munthu wina wa kutsidya anapezeka ndi zisononkho zodzaza m'malaya, ndipo abale ake anakamutenga pa machira atafunditsidwa nkhope.

“Mwamva, achimwene?”

Bashir anagwedeza mutu. Anagwedezanso, n'kugwedezanso, bwinobwino motsatira ng'oma imene inkalira m'makutu mwake. Esime mtima unakhala pansi, poganiza kuti mwana wamva.

Anatsika pa Nselema dzuwa litapendeka. Pamsika panalibe zambiri, koma mayi wina anali ndi chidebe cha chimanga chachiwisi chochokera ku minda yothirira, chophikira m'makoko momwe, nthunzi ili tolotolo. Bashir anakumbuka kuti amayi ake amachikonda. Anagula chambiri, wogulitsa anachikulunga m'majumbo, iye n'kuchiponya m'thumba la saka n'kukoleka paphewa. Ndevu za chimanga zinkasuzumira pakamwa pa thumbalo.

Atangochoka pamsewu anakumana ndi mayi wachikulire wa kuchimuna kwa Esime, amene anali atangoika mwamuna wake m'manda sabata yomweyo. Munthu wotero sumupatsa moni uli chiimire. Esime anatula ufa, nagwada m'mbali mwa njira, nayamba kupepesa maliro. Bashir anapereka moni wake wachidule wa m'tauni, nati atsogoleko pang'onopang'ono, njira akuikumbuka. Mayiyo anafotokoza matenda kuyambira pamene anayambira, ndipo Esime sakanawadula pakamwa.

Pamene Esime ankafika pachitunda choyang'ana kudambo, ufa uli pamutu, Bashir anali kale kumunsi, pakati pa minda, kachipewa kali kumutu, thumba lili paphewa. Ankayenda monyada, mapewa akuvinavina.

“Ndani apo?”

Mawuwo anachokera pa nsanja ya kumanja. Esime anawamva bwinobwino ngakhale anali kutali. Anadikira kuti amve mlongo wake akutchula dzina. Bashir anangopitirira.

“Ndati ndani apo? Imani!”

Apo m'pamene Esime anaona kutukumuka kwa chipewa chija m'mbali mwa mutu. Mwana uja sanamve kanthu. M'minibasi muja sanamve kanthu, ndipo panonso sankamva kanthu.

“Bashir!” anakuwa. “Bashir iwe! Vula zimenezo!”

Wezulo analira. Wina anayankha kutsidya, winanso kumunsi, kenaka zitini zinayamba kugunda. Chimanga chinagwedezeka mbali zonse ndipo anthu anatuluka m'mizere, amuna ouma nthiti ndi zikwanje, zibonga ndi mipini ya makasu, akazi ali pambuyo ndi miyala. Onse ankathamangira munthu mmodzi, ndipo munthuyo ankayenda pang'onopang'ono, akugwedeza mutu. Kwa anthu amene anagona ndi njala kulondera chimanga chimenecho, kuyenda koteroko kunali chipongwe choposa kuba kumene.

Esime anaponya ufa pansi osayang'ana kumene wagwera. Anathamanga, chitenje chikumukola, patapata mmodzi n'kutsala m'matope. Ankakuwa kuti ndi mlongo wake, ndi mwana wa amayi ake, Abiti Nasoro, koma mawu ake ankamira m'zitini ndi m'mawezulo.

Mwala wa legeni unamupeza Bashir pamsana. Anatembenuka mokwiya, ndipo anaona chigulu cha anthu, pakamwa pali yasa, zikwanje zili m'mwamba, chikubwera popanda phokoso lililonse. Akanaima n'kukweza manja mwina zikanatha bwino. Koma ndani angaime? Anathawa, thumba lili paphewa pomwepo, ndipo aliyense amene anali ndi chikayiko chinamuthera.

Sanapite patali. Anaterereka pa mzere wonyowa, ndipo anamugwera.

Esime anafika anthu atapanga kale bwalo. Anadzipanikiza pakati pa misana ya thukuta, wina anamugunda ndi chigongono pakamwa, koma analowa. Bashir anali pansi atadzipinda, manja ataphimba nkhope. Mahedifoni aja anali atathyoka pakati, mbali imodzi itapondedwa m'matope. Mpini wa khasu unatsika pambali pa mutu wake, ndipo phokoso lake Esime analimva m'mano mwake.

“Musiyeni! Ndi mlongo wanga! A Blasius, mukundidziwa ine, ndine Esime!”

A Blasius anali mwini munda umene Bashir anagweramo, bambo amene akuba anali atawakololera kale theka la chimanga chawo. Maso awo anali ofiira, ndipo anamuyang'ana Esime ngati sanamuonepo chibadwire.

“Wakuba aliyense ali ndi mlongo wake,” anatero. “Tamuitana, wakhala chete. Tamuimitsa, wathawa. Nanga icho n'chiyani?”

Analoza thumba lija. Linali litagwera pambali, zisononkho za makoko obiriwira zitatulukira pakamwa.

“Tagula pa Nselema! Wallahi tagula!”

“Iyayi, mayi, onse amatero.”

Kumbuyo wina anafuula kuti abweretse udzu wouma wa pa nsanja. Wina anafunsa amene ali ndi machesi. Esime anaona mtolo wa udzu ukudutsa pamwamba pa mitu, kuchoka m'manja kupita m'manja, ndipo anadziwa kuti mawu atha ntchito. Anagwada kuti adziponye pamwamba pa mlongo wake, afere limodzi ngati n'kufa. Pogwadapo bondo lake linakhudza thumba lija, ndipo thumbalo linali lofunda.

Anang'amba jumbo ndi zikhadabo. Anasolola chisononkho cha pakati penipeni, chotentha moti chinamuwotcha zala, ndipo anaimirira n'kuchikanikiza pa tsaya la a Blasius.

Bamboyo analumpha n'kugwira tsaya.

“Gwirani!” anakuwa Esime, mawu atasasa. “Gwirani, bambo! Munda wanuwu umabereka chophikaphika?”

Anasenda makoko pamaso pawo. Nthunzi inakwera. A Blasius analandira chisononkhocho, anadina njere imodzi ndi chala, ndipo njereyo inaphwanyika mofewa. Chikwanje chawo chinatsika pang'onopang'ono mpaka nsonga yake inagunda pansi.

Bwalo lonse linakhala chete. Mwina mukuganiza kuti anthuwo anagwidwa ndi manyazi, ndipo mwina enadi anatero. Koma chimene chinawatseka pakamwa kwenikweni chinali fungo. Fungo la chimanga chophika, chothira mchere, linayenda pakati pa anthu amene anali atatha masabata akulondera chimanga chosakhwima, osalawa ngakhale njere. Esime anaona makosi akumeza malovu. Maso onse anachoka pa Bashir n'kupita pa thumba, ndipo mantha ena atsopano anamugwira, chifukwa maso amenewo sanali a anthu oti ungakambirane nawo.

Anagwira thumbalo kumatako n'kulikhuthula kutali ndi mlongo wake, mmene mphamvu zake zikanathera.

Zimene zinachitika pamenepo sizokoma kuzifotokoza. Akuluakulu a ulemu wawo anakwawa m'matope, kulandana, kulumana zala. Mtolo wa udzu uja unagwa n'kupondedwa. A Blasius anatembenukira kumbali, akudya chawo chija mothamanga, misozi ikutsikira m'ndevu. Palibe amene anapepesa, ndipo Esime sanadikire kupepesa kwa munthu. Anakweza dzanja la Bashir paphewa pake n'kumukoka.

Anayenda mpaka minda inatha, nakhala pansi pa mtengo wa mango pamene phokoso la kudambo linkamveka patali. Bashir anali moyo. Diso limodzi linali litatupa n'kutsekeka, mlomo utang'ambika, ndipo magazi ankatuluka m'khutu n'kutsikira m'khosi. Anakhala atazolika, akuyang'ana mapazi ake.

Esime anakhala kumbuyo kwake n'kuyamba kumupukuta khosi ndi nsonga ya chitenje. Ndiye mantha onse aja anasanduka mkwiyo, monga amachitira munthu akapulumuka, ndipo anamutsanulira wonse. Anamukalipira za mahedifoni, za magemu a ana okhuta, za kugwedeza mutu ngati buluzi munthu wamkulu akulankhula. Anamufunsa kuti amayi akanawauza chiyani, kuti mwana wawo wapsa ngati mbewa chifukwa cha nyimbo? Anamuuza za ufa umene unatsala pachitunda, woti pofika nthawi imeneyo unali utapeza kale mwini wina. Anakalipa mpaka kukhosi kunauma, kenaka analira, akumutchula mayina onse a paubwana, n'kumuuza kuti akanafa iyenso sakanafika kunyumba.

Bashir sanayankhe ngakhale liwu limodzi. Esime anaganiza kuti ndi manyazi, ndipo anali pakati pomuuza kuti basi zatha, adzuke azipita, pamene mnyamatayo anakweza mutu pang'ono, osatembenuka. Analankhula mokweza kwambiri, ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

“Achemwali, mulipo? Mwakwiya, ndikudziwa. Koma musangokhala chete choncho, ndikuopa. Tanenani kanthu.”