Difu Yowotcherera

Mwezi umenewo ndinali ngati ndakwatiwa ndi miyendo yokha. Amuna anga a Kassimu, makaniko wa pa Dedza, ankangokhalira kunsi kwa galimoto ya achimwene anga a Sulemani, amene analembetsa mpikisano wa magalimoto wodutsa m'mapiri a ku Bembeke, msewu wadothi, mvula ili pakati.

Ine ndinkangobweretsa tiyi, koma zonse ndinkamva. Anachotsa chitsulo chimodzi pa masipuling'i a kumbuyo kuti galimoto isamadumphe m'mabampu. Anaika magiya okwerera mtunda. Kenaka anawotcherera difu, chija chimagawa mphamvu ku matayala a kumbuyo.

"Pamatope matayala onse awiri azikoka limodzi, alamu," anatero amuna anga. "Koma pa tala musayerekeze n'komwe. Mudzakhotetsa chiwongolero, iyo ili njo! kutsogolo, ngati ng'ombe yokana goli."

M'mawa wa tsiku la mpikisano, kunafika uthenga: kukubwera mlendo wamkulu wa chipani, ndipo bwana sangaponde matope. Mpikisano udutse pa tala, pa kona yotsetsereka ya ku Chimbiya, pomwe anamumangira chisakasa. Amuna anga anangokhala pansi. Chowotcherera sichimasuka ndi sipanala.

Achimwene anapita kwa wapampando wa chipani kukapempha kuti atuluke mu mpikisanowo.

"Galimoto ya kwathu kuno ndi yanu yokha," iye anatero. "Mukufuna kunyoza mlendo? Aione ikuthamanga, osati ikukwawa."

Masiku amenewo funso lotere linkasowetsa munthu ndi banja lake lomwe. Achimwene anavala chipewa chawo n'kulowa m'galimoto.

Ife amayi anatitenga pa lole, nsalu zachipani m'chiuno, n'kutindandalika kunja kwa kona yomweyo kuti tizivina. Kumbuyo kwathu kunali ana a sukulu. Mayo ine! Ndinkadziwa bwinobwino pomwe galimotoyo idzathere, koma ndikanauza ndani? Ndinanong'oneza Falesi, mnzanga woyandikana naye, kuti tisunthe. Anangondilozera ndi maso mnyamata wachipani amene ankatiyang'anira ali ndi ndodo.

Kunkagwa mvula yowaza. Magalimoto a eni ake anadutsa, kukhota bwinobwino, ife nthungululu. Kenaka ndinamva kulira kwa injini ija imene inandisowetsa mtendere mwezi wonse. Ndinaona matayala a kutsogolo atakhota kale, koma galimoto ikubwerabe kwa ife, molunjika. Ndinaona ndi nkhope ya achimwene. Nawonso anationa.

Anakoka handibuleki. Galimoto inazungulira pamsewu, kutipatsa msana, n'kukagwera kuphompho la tsidya lina. Phokoso lake linatenga nthawi kuti lithe.

Ng'oma zinaleka. Ndinataya mpango ndi kuyamba kuthamangira kumeneko, koma ndodo ija inanditchinga pachifuwa.

"Mukupita kuti, mayi? Alendo akadali pano. Nyimbo!"

Ndinabwerera pamzere. Utsi unkakwera kuchokera kuphompho, achimwene anga ali momwemo, ndipo ine Asiyatu ndinkawomba m'manja.