Nthochi Zaziwisi za Dokotala

Mlendo wa m'chipinda chachinayi anabwezanso mbale ya kadzutsa, tsiku lachitatu. Anali dokotala wachizimayi wochokela ku Dominican Republic, dzina lake Yudelka, wodzagwila nchito miyezi isanu ku Petauke. A Daka, eni nyumba ya alendoyo, anaima pakhomo la khichini.

"Amai Lillian, mlendoyu akasamukila kwina, inunso mupita. Ophika ndi ambili."

Lillian anapita kukafunsa. Dokotala anafotokoza m'Chinyanja chothyokathyoka kuti kwao m'mawa amadya mangu: nthochi zaziwisi zowilitsa, zophwanya ndi batala, anyezi pamwamba. Akuti kaphikidwe kake kanaoloka nyanja ndi akapolo ochokela kuno ku Africa.

Mtima wa Lillian sunakhale pansi. Nthochi zaziwisi ankazidziwa. Ndizo amai ake ankawilitsa ufa ukatha, zaka zimene anathawa nkhondo ku Mozambique. Chakudya cha njala sapatsa mlendo. Anaimbila mlongo wake Vitalis ku Nyimba kuti atumize pa basi nthochi zakupsa bwino, zachikasu.

M'mawa mwake anaziwilitsa, zinasanduka phala lotsekemela. Dokotala analawa kamodzi, anathokoza, nafunsa njila ya ku nyumba ina ya alendo, ya pafupi ndi msika. Analowa m'chipinda kukalongedza.

Lillian anazungulila m'khichini, kusuntha mapoto osafunika kusunthidwa. Kenaka anatenga chikwanje, napita kuseli kukadula mkoko wobiliwila pa nthochi za a Daka.

"Mwayamba kudyetsa alendo anga za nkhumba?" anatelo a Daka.

"Bambo, nchito yatha kale. Lekani ndiimalize ndekha."

Utomoni unamudetsa manja. Anawilitsa, naphwanya ndi mthiko, akuthila pang'onopang'ono madzi omwe anawilitsila aja. Anagogoda pachipinda chachinayi, napeleka mbale maso ali pansi.

Dokotala anadya ali chiimile, chikwama chili chotsegula pabedi.

"Zothila madzi ake omwewo sindinakuuzeni. Munaziona kuti?"

"Kwa amai anga, ku msasa wa othawa nkhondo. Mukhululuke, n'chakudya cha osauka."

"Kwathu ndi chimene timapatsa munthu wochokela kutali." Anapala mbale ndi supuni. "Mawa muonjezele anyezi."

Lillian anabwelela kukhichini. A Daka anali kuseli, akuwelenga mikoko yotsala.