Kabokosi Kokhoma ka a Zebedee

Mvula yowaza inali isanakate chiyambire m'bandakucha, ndipo pofika naini koloko nkhungu inali ikadakuta mitengo ya paini ya ku Luwinga. Vitumbiko anakhala pabedi la malemu bambo ake, a Zebedee Mphande, laputopu ili pamiyendo. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro, ndipo pabalaza abale anali atasonkhana kuti akambirane za malo.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, chipumireni pantchito yauphunzitsi, a Zebedee ankalemba kaundula wa mtundu wawo. Ankakwera minibasi kupita ku Nkhata Bay kukafunsa nkhalamba, kukajambula ziliza ndi kukopera makadi a ubatizo. Vitumbiko atamaliza maphunziro a makompyuta ku koleji anawakonzera webusaiti yosungiramo mayina onsewo, oposa mazana asanu ndi limodzi. Lamulo la bambo ake linali limodzi: chimene chinachitika chilembedwe, ngakhale chikhale chowawa. Zowawazo ankazisunga m'kabokosi kokhoma ka pa webusaitiyo, kamene ankatsegula okha. Pasiwedi yake anamulembera kuchipatala, kuseri kwa kapepala ka mankhwala.

Elsie, mlongo wake wamkulu, analowa n'kutseka chitseko ndi msana.

"Vitu, akukudikira. Adada Herbert ayamba kuyang'ana wotchi. Watsegula?"

"Ayi, asisi. Ndikuopa."

Aliyense ankadziwa, ngakhale sizinkanenedwa, kuti Elsie analowa m'nyumba ya a Mphande ali khanda, malemu amayi awo pokwatiwa. Iye ndiye anadwazika a Zebedee mpaka tsiku lomaliza, ndipo ankakhala pompo ndi ana ake awiri. Koma yunivesite ya pafupi inkakula, malo alionse ku Luwinga anali pa diso la omanga zipinda za ophunzira, ndipo a Herbert, akulu awo a malemu, anali atanena kale kuti malowo ndi a magazi a Mphande okha.

"Ngati analemba za ine, fufuta," anatero Elsie monong'ona. "Ndi mzere umodzi basi. Ndipita kuti ndi ana?"

"Sizingatheke. Ndikangokhudza kanthu, ngakhale m'kabokosimo, uthenga umapita kwa abale onse, mpaka aku Joni, kutchula tsiku ndi ola. Abambo ndiwo analamula zimenezo, azakhali a Mary atadzichotsera zaka zisanu. Adzafunsa kuti womwalira wadzuka liti kudzakonza kaundula."

Elsie anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Unatchera msampha wabwino chomene, mwana wa amama."

Pabalaza, a Herbert anali atakhala pampando wa malemu, makiyi a nyumba ali patebulo patsogolo pawo. Azakhali a Mary, mlongo wawo, anakhala pamkeka ndi amayi ena. Elsie anakhala cha kukhomo.

"Yewo, adada," anatero Vitumbiko akuwerama.

"Yewo. Khala apa. Ine sindinabwerere mkangano. Mng'ono wanga sananamepo chibadwire, ndipo ankatiuza yekha kuti zosanenedwa pagulu anazikhomera m'makinamu. Tsegula, tione mwana wa magazi ndi mwana wobwera. Apa pamangidwe zipinda khumi za ana a sukulu. Malo ngati ano sasiyidwa m'manja mwa mlendo."

"Achimwene," analowerera azakhali a Mary, "mlendoyo ndi amene ankawatembenuza pabedi miyezi isanu ndi iwiri. Inu munabwera kangati?"

"Nesi nayenso amatembenuza odwala, koma satenga nyumba. Tsegula, iwe."

Vitumbiko anafutukula kapepala kaja. Kawiri konse zala zake zinaphonya zilembo. Kachitatu, kanthu kozungulira kanayamba kuvina pagalasi la laputopu, iye n'kumapemphera mumtima kuti netiweki ithawe monga imachitira nthawi ya mvula. Ankaona kale Elsie atanyamula matilesi pamutu, ana ali pambuyo, ndipo dzanja lowatulutsa linali lake.

Netiweki sinathawe. Kabokosi kanatseguka.

Iye ankayembekezera nkhani zambirimbiri, koma munali mayina awiri okha. Loyamba linali la Elsie. Lachiwiri analiwerenga katatu.

"Werenga mokweza!" anatero a Herbert. "Kapena kukoleji kuja sanakuphunzitse?"

Akanawerenga, mlandu ukanathera pomwepo, pamaso pa onse. Koma Vitumbiko anayang'ana kapepala kaja, zilembo zonjenjemera za munthu amene anasunga nkhani imeneyi mpaka kumanda. Ananyamuka, n'kukagwada pambali pa a Herbert, ndipo anatembenuza laputopu kuti aone okha.

"Muyambe mwawerenga ndinu, adada. Mukandilamula pambuyo pake, ndiwerengera onse."

A Herbert anavala magalasi awo mochita kunyada, n'kuwerama.

Elsie. Anabwera ali pamsana pa amayi ake, 1984. Ndi mwana wanga woyamba.

Herbert. Anabwera ali pamsana pa amayi athu, 1949. Abambo anandiuza atatsala pang'ono kutsirizika. Ndi mkulu wanga. Munthu asamuchititse nazo manyazi.

M'munsimo munali mzere wina: Pa kaundula woonekera, awiriwa akhale monga ana ena onse, opanda chizindikiro.

Madontho a mvula ankamveka pamalata. Chala cha a Herbert chinali chitaima pansi pa dzina lawo. Vitumbiko sanathe kudziwa ngati nkhalambayo inkamva nkhaniyi koyamba, kapena inakhala ikuiopa moyo wake wonse.

"Alemba zotani, achimwene?" anafunsa azakhali a Mary. "Mwangoti zii bwanji?"

Vitumbiko anadikira lamulo ali chigwadire. Silinabwere.

A Herbert anavula magalasi. Anagwira laputopu ija ndi manja awiri n'kuitseka pang'onopang'ono, monga munthu atsekera maso a mbale wake. Kenako anatola makiyi patebulo, n'kuimirira movutikira. Atafika pakhomo anawerama, n'kuwaika pachitenje cha Elsie.

Ambulera yawo inatsala pakona. Anatsika masitepe, chipewa chili m'manja, n'kulowa mumvula kulunjika kumsewu wa minibasi, osacheuka.