Theka la Pepala la a Jafeti

A Jafeti anabwera ku shedi ya mpunga ya ku Likangala kudzangonyamula benchi. Ndiyo ntchito imene alamu awo, a Edwadi, anawapatsa.

Anesi a kafukufuku wa khansa anali atayala thebulo lawo pamenepo kwa masiku awiri. Ankafunsa banja lililonse za matenda a makolo, ndipo amene m'mtundu mwawo munali khansa ankawalemba kuti aziyezedwa ku Zomba chaka ndi chaka. Loveness, mwana woyamba wa a Jafeti, anakhala pabenchipo. Pambali pake panakhala a Edwadi, amalume ake, eni mbumba, atavala jekete ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. A Jafeti anakhala patali pang'ono, pa thumba la madeya, monga amakhalira mkamwini wodziwa malo ake.

Nesi Shamila ankajambula papepala timizere tosonyeza mtundu wa Loveness, kuchikazi mbali ina, kuchimuna mbali ina, a Edwadi akutchula mayina.

"Agogo Nabanda anafa ndi ukalamba, mano onse ali m'kamwa. Achemwali awo, kolera ya ku Kachulu. Achimwene awo inawagubuduza mvuu. Ife khansa sitiidziwa, mayi. Timafa ndi zinthu zooneka."

"Nanga kuchimuna?" anafunsa nesiyo.

A Edwadi anaseka mpaka jekete inagwedera. "Kuchimuna? Awo ndi alendo. Tambala amangolira, anapiye ndi a thadzi. Tsekani pepalalo."

"Ine sindiwadziwa bwino," anatero Loveness. "Ababa sakamba za kwawo."

Zinali zoona. Kwa zaka makumi atatu a Jafeti analima mpunga m'munda wa akazi awo, namanga nyumba pa dothi la apongozi, osauzako munthu za kwawo, kutsidya kwa nyanja. Koma ankakumbukira. Mayi awo anafa ndi chilonda cha m'bere asanamere imvi. Alongo awo awiri, chimodzimodzi. Kwawoko ankati winawake anawalodza.

Tsopano anaona nesi akuyika chivindikiro pa cholembera. Theka la pepalalo linali loyera mbee, ndipo dzina la Loveness silinalowe m'kaundula. Anaganiza zongokhala chete. Munthu wosasiyira mwana munda ngakhale mbuzi, angaimirire bwanji pagulu n'kunena kuti chimene wamusiyira ndi nthenda? Koma anayang'ana mwana wawo, ndipo anaona kuti wakwana msinkhu umene mlongo wawo wamng'ono anayambira kudwala.

Anatsokomola. Palibe anatembenuka. Anatsokomolanso.

"Alamu, ngati ndi madeya akutsamwani, madzi ali uko," anatero a Edwadi.

"Pepani, mayi," anatero a Jafeti akuimirira, chipewa chili m'manja. "Tambala angalankhuleko?"

Anatchula mayina atatu aja, ndi zaka zawo, ndi mmene anadwalira. Nesi Shamila anavundukula cholembera nayamba kudzaza mbali yoyera ija. 

"Koma zimenezo n'zakwawo," anatero a Edwadi. "Mwanayu ndi wathu. Ndiponso alamuwa mawere awatenga kuti?"

"Bambo, mudzi ndi munda angatengere kuchikazi," anayankha nesiyo akumwetulira, "koma thupi limatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, osafunsa amalume. M'thupi muli alonda amene amakonza zikalakwika, ndi asilikali amene amagwira kachotupa kakangoyamba. Mitundu ina imapatsirana alonda okonda kuwodzera. Mwamuna akhoza kuwanyamula iye osadwala, n'kupatsira mwana wake wamkazi."

"Ndiye kuti ndidwala?" anafunsa Loveness chapansipansi.

"Ayi, sitinatero. Mwina ababa anu sanatengere. Ngakhale atakhala kuti anatengera, mwina inu simunalandire. Ndipo ngati munalandira, ife tikhala alonda owonjezera. Chotupa chogwidwa msanga chimachizika."

A Edwadi anavula jekete, naipinda, nayang'ana mlamu wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zaka zonsezi ndimati munabwera chimanjamanja," anatero. "Kani munali ndi katundu."

"Ndinaiwala kumuonetsa kwa ankhoswe," anayankha a Jafeti.

Loveness anaseka misozi ili m'maso. Anasuntha pabenchi, nagunda pamalo amene anatsala. "Ababa, khalani apa."

A Jafeti anayang'ana kwa eni mbumba. A Edwadi anadzuma ngati munthu wolandidwa chigawo cha munda, koma anasendera kumapeto.

Nesi analemba dzina la Loveness m'kaundula, nati azichemwali ake awiri abwere mawa. Kenaka anatulutsa timabotolo tiwiri toti Loveness ndi a Jafeti alavuliremo, malovuwo akayezedwe kutali. Loveness anadzaza kake nthawi yomweyo. A Jafeti anayesa, anayesanso. Mantha anali atawaumitsa kukhosi ngati dambo la mwezi wa Okutobala.

"Taonani," anatero a Edwadi. "Tsiku limodzi lokha limene mudzi wawapempha kanthu, alibe."

"Osawapatsa chakudya kapena madzi," anachenjeza nesiyo. "Zisokoneza."

A Edwadi anakanda kumutu. Kenaka anaweramira kukhutu kwa mlamu wawo, nayamba kulankhula pang'onopang'ono ngati mlaliki.

"Alamu, ganizirani mango aawisi. Anthete, obiriwira, ongothyola kumene. Mwawadula ndi mpeni. Mwathira mchere. Tsabola pang'ono. Tsopano mwaluma, ndipo mano achita dzanzi..."

Nesi Shamila anameza malovu. Amayi amene ankadikira pamzere anamezanso. A Jafeti anawerama, ndipo kabotolo kanadzaza mpaka pamzere wake.

Nesiyo anakatseka, nalembapo dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu, nakaika m'bokosi pafupi ndi ka Loveness.

"Mawa mubwere ndi ana enawo," anatero a Edwadi akuvalanso jekete. "Benchi ndinyamula ndine."