Masamu a Azakhali

"Ndiye uli pati?" Azakhali anakuwa pafoni ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu. Bokosi la Ababa linali kale m'galimoto panja, injini ikulira, anthu ataima ndi maluwa.

"Pabwalo la ndege, Azakhali," anayankha Achemwali, mwana woyamba wa malemuwo, uja amagwira ntchito kunja uja.

"Eya, kwera takisi msanga!"

"Ayi, bwalo la pakati. Ndangotsika ndege yoyamba. Yachiwiriyo ndi maola khumi ndi anayi, nyanja yokhayokha. Ndifika mawa."

Mawa! Azakhali anangoti khu, kukhalira chipewa cha abusa pasofa.

Nkhanitu inali masamu. Dzana Achemwali atanena kuti anyamuka eyiti koloko m'mawa n'kufika thu koloko masana, Azakhali anapinda zala n'kupeza maola sikisi. Za tsiku sanafunse. Ndipo Azakhali akapinda zala, ndani angawatsutse? Anaimbira abale onse, ngakhale aja sayankhulana nawo aja, kuti maliro ndi lero madzulo.

Amalume anapita pamapu opachika kukhoma. Anaika chala chachikulu pomwe pali Achemwali, chaching'ono pakwawo.

"Chikhatho chimodzi chokha ichi! Iwe, kauze woyendetsa ndegeyo kuti kuno kuli zovuta, adutse yachidule."

"Amalume, si minibasi iyi."

"Basi tiika. Manda akumba, mipando eni ake akuifuna, abusa mawa ali ndi ukwati. Udzaona zithunzi," anatero Amalume.

Abusa anavomera ndi mutu, koma maso ali pansi pa Azakhali.

 Pafoni panamveka kufwenthera. "Musawaike ndisanawaone, chonde."

Azakhali anayang'ana zala zawo zija. Kuvomera kuti analakwitsa? Pamaso pa alamu awo onsewa? 

Amayi, amene chiyambire m'mawa anangokhala pakona akupinda kampango, anaimirira. Anatuluka opanda nsapato, anthu akuwapatukira. Azakhali anasuzumira pazenera. Anaona Amayi akulowetsa dzanja m'galimoto, n'kupotoza kiyi. Injini inazima.

Amayi anabwerera n'kuika makiyi patebulo.

"Bamboyu wayendetsa basi moyo wake wonse," anatero motsitsa mawu. "Akaona pagalasi munthu akuthamanga, ankaima. Basi yonse inkamutukwana, mabwana ankamukalipira, iye phee, dzanja pachitseko. Lero ndiye anyamuke mwana wake akuthamanga?"

Amalume anatsokomola, n'kuyamba kuyang'ananso mapu.

Azakhali anadzuka, n'kupereka chipewa chophwanyika kwa abusa osawayang'ana. Anatola makiyi aja, kuwaponya m'chikwama chawo, n'kutseka zipi mpaka kumapeto. Kenako anatenga foni.

"Iwe, pukuta misozi. Usathamange, ungagwe. Bambo ako aima."