Mlombwa wa Atelala

Atelala anadziwa asanatsegule n'komwe geti kuti zinthu sizili bwino. Pabwalo panawala mopitirira. Dzuwa linkawomba mpaka pa makina awo osokera, pakhonde.

Mlombwa panalibe. Panangotsala chitsa, utomoni wofiira utayenderera m'mbali ngati magazi.

Mtengowo anaudzala okha zaka makumi awiri zapitazo, ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba. Mlombwatu ndi mtengo wamakani. Zaka zisanu zoyamba unkangophuka, kuuma, kuphukanso, anthu n'kumawaseka kuti akuthirira chotokosera m'mano. Iwo osatekeseka. Utakula, makasitomala ankadikira zovala zawo pamthunzi pake, ena mpaka kuliza mkonono. Tsono Atelala anangochokapo milungu itatu yokha, kukasamalira mwana wawo uja atachira kuchipatala.

Amuna awo anawapeza pabalaza, maso ali pa kanema.

"Mtengo wanga uli kuti?"

"Moni wake ndi ameneyo? Unauma, mayi. Unalibe ndi tsamba limodzi lomwe. Ukanatigwera padenga."

"Unauma? Ndi chilimwe chiti chimene unakhalapo ndi masamba? Si inu nomwe mumadandaula chaka ndi chaka kuti masamba akutseka ngalande?"

Bambowo anangokweza voliyumu.

Atelala sanakhale pansi. Analunjika kushedi kwa mlamu wawo, kalipentala, mng'ono wa amuna awo. Matabwa anali atatsamira kukhoma, ofiirira, aawisi, fungo lake lili guu.

"Alamu, inu kukulira m'matabwa konseku, mtengo wamoyo simuudziwa?"

Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezeranso.

"Unali wamoyo ndithu, alamu. Koma achimwene anati munagwirizana. Anabwera kuno kalekale, masamba ali biriwiri, akuti pakufunika poimika galimoto. Anati tidikire uyambe wayoyola, inu mutachokapo, kuti musauone ukugwa." Anawayang'ana kumaso, mawu n'kutsika. "Kodi sanakuuzeni?"

Atelala anagwira thabwa limodzi, kuzizira kwake kukumveka m'manja. Mtima unawawawa koopsa, ndipo manyazi anawagwira. Miyezi yonseyi bambo aja ankatulutsa mpando m'mawa uliwonse, kumwa tiyi wawo pansi pa mlombwa, maso ali m'mwamba kunthambi. Iwo akupalasa makina ankawaona, n'kumamwetulira okha, amvekere mumtima: bambowa ayamba kuukonda mtengowu.